Bwalo la Ana m'Mbiri ya Chicheŵa: Maseŵero, Nyimbo ndi Mau Ake

Kalembera wa anthu wa mu 1966, woyamba kuchitika dziko la Malaŵi litayamba kudzilamulira, adapeza kuti anthu 50.2 pa 100 alionse ankayankhula Chinyanja pakhomo pawo, pamene ochimva adali 76.6 pa 100 alionse. Manambala aŵiriŵa atchulidwa kambirimbiri m'zolemba za akatswiri a ziyankhulo, makamaka pofotokoza chifukwa chimene msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party wa mu 1968 udasankhira chiyankhulochi kuti chikhale cha fuko lonse, nkuchitcha Chicheŵa. Koma pakati pa manambalaŵa pali funso limene kaŵirikaŵiri limalumphidwa. Anthu 26 aja pa 100 alionse, amene sadayamwire Chinyanja kubere, adakachitola kuti?

Mayankho ozoloŵereka ndi sukulu, mpingo, msika, minda ya tiyi ndi ya fodya, ndiponso usilikali, pakuti asilikali a King's African Rifles ochokera kuno ankalamulidwa m'Chinyanja. Sitikutsutsa ngakhale limodzi mwa mayankho ameneŵa. Komabe sukulu idali ya ochepa, ndipo ambiri mwa ochepawo ankalekezera m'makalasi oyambirira. Wailesi ya MBC idali itangotha zaka ziŵiri. Usilikali ndi uchikumbe wa m'maesiteti zidali za anthu akuluakulu, ndipo munthu wophunzira chiyankhulo atamera kale ndevu lilime lake limamuulula mpaka kumanda. Iwo amene amachiyankhula ngati chakwawo adachiphunzira ali ana, kwa ana anzawo. M'pepala lino tifuna kulondola mbiri ya malo amene zimenezi zidachitikira, ndiwo bwalo la maseŵero a ana, ndi kuonetsa kuti maina a maseŵerowo ndi mau a nyimbo zake ndi umboni umene okonza za ziyankhulo sadaugwiritsebe ntchito.

Zimene adalemba akale

Umboni wolembedwa umayamba ndi David Clement Scott wa ku mishoni ya Blantyre, amene dikishonale yake ya Chimang'anja idasindikizidwa mu 1892. Scott sankangomasulira liu. Ankalongosola mwambo, gule kapena seŵero limene liulo likutchula, ndipo n'chifukwa chake buku lakelo likali lothandiza koposa m'buku limene Alexander Hetherwick adalikonza mu 1929. Alice Werner, m'buku lake la mu 1906 lonena za anthu a dziko lino, adafotokoza maseŵero a ana amene adaŵaona. R. S. Rattray mu 1907 adasindikiza nthano, miyambo, zilapi ndi nyimbo m'Chinyanja cha m'chigawo chapakati. Meredith Sanderson mu 1913 adalemba za maseŵero a m'maenje, a mtundu wa nsolo ndi bawo. Ernest Gray adasonkhanitsa zilapi mu 1939. Margaret Read, amene adakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, adatulutsa buku la kaleredwe ka ana awo mu 1959, ndipo J. W. Gwengwe mu 1965 adalemba za ubwana wa Mcheŵa m'Chicheŵa chenicheni m'buku la Kukula ndi Mwambo.

Mndandandawu ukuoneka wautali, koma uli ndi chilema chimodzi. Olemba onseŵa adali akuluakulu, ndipo ambiri a iwo ankafunsa akuluakulu anzawo. Nkhalamba ikafunsidwa za maseŵero imakumbukira malamulo ake, koma timau tonyozana, toŵerengera amene ayambe ndi amene atuluke, todandaulira kuti wina wabera, timeneti idatiiŵala kale kapena ikuchita nato manyazi. Nthano ndi miyambi zidalembedwa zambiri chifukwa akulu amazilemekeza; zoyankhula za pabwalo zidatsalira chifukwa zidali zachibwana.

M'maiko ena zidasintha. Ku Britain Iona ndi Peter Opie adafunsa ana eni ake zikwizikwi, ndipo m'buku lawo la mu 1959 adaonetsa kuti nyimbo za ana zimayenda kuchoka kwa mwana kupita kwa mwana, osadzera kwa makolo. Popeza mwana amakhala pabwalo zaka zoŵerengeka zokha, nyimbo imene yakhala zaka 100 yadutsa m'mibadwo ya ana yochuluka kwambiri kuposa mibadwo ya akulu, komabe imafika isadasinthe kwenikweni. John Blacking, polemba za nyimbo za ana a Chivenda mu 1967, adapeza kuti nyimbozo si za akulu zofeŵetsedwa, ndipo ana saziphunzira poyambira zapafupi kukathera zovuta. Ndi chuma chapachokha, chimene mwana amaphunzira chifukwa anzake akuchiimba. Mfundo ziŵirizi tikuziona kuti zikugwiranso kwathu kuno.

Bwalo la m'mudzi

Maseŵero a m'mudzi adali ndi nyengo yake. M'dzinja ana adali antchito: kupalira, kuingitsa mbalame ndi anyani, kulera makanda. Nthaŵi yawo inkayamba m'masika, chimanga chitaloŵa m'nkhokwe, nkupitirira m'chilimwe chonse, makamaka usiku wa mwezi woŵala. Ana osinkhuka sankagona m'nyumba ya makolo. Anyamata adali ndi mphala kapena gowelo lawo, atsikana ankagona kwa agogo kapena m'gowelo lawonso. Motero maola ambiri a tsiku mwana ankamva mau a ana anzake kuposa a mai ake. Kwa wophunzira za ziyankhulo mfundo imeneyi ndi yaikulu kuposa mmene ikuonekera.

Seŵero loyenera kulikhalira pansi ndi masanje. Ana ankamanga timisasa ta mapesi ndi udzu kunja kwa mudzi, nkugaŵana maudindo: uyu bambo, uyu mai, aŵa ana, uyo mfumu, ndipo wina, kaŵirikaŵiri wosoŵa mnzake, ankakhala fisi wodzaba ndiwo. Chakudya chidali chenicheni, chokunkha m'minda yokololedwa kale kapena chopempha kunyumba, ndipo moto udali weniweni. Olemba ambiri aona masanje ngati sukulu ya ntchito za pabanja, ndipo sadalakwe. Ife tikuonamonso sukulu ya mayankhulidwe. Kamtsikana ka zaka zisanu ndi zitatu, kamene masana onse kankati iwe kwa mnzake, kakaloŵa m'kamsasa kamagwada nkunena kuti inu, nkuika a- waulemu kutsogolo kwa dzina ndi kwa mneni yemwe. Mfumu ya masanje imaŵeruza mlandu m'mau ozungulira, otengera amene idaŵamva pabwalo la akulu. Wophonya ulemu amasekedwa pomwepo, ndipo chilango cha kusekedwa ndi anzako chimaphunzitsa msanga kuposa mkwapulo wa mphunzitsi. Galamala ya ulemu, imene mabuku athu amaifotokoza m'ndime imodzi youma, inkaphunzitsidwa pano mwezi wathunthu chaka ndi chaka.

Nsikwa ikutipatsa phunziro la mtundu wina. Oseŵera amakhala pansi m'mizere iŵiri yopenyana, aliyense ataimika zitsononkho patsogolo pake, nkumapota kachidutswa ka chikho kobooledwa pakati nkupisamo kamtengo, kuti kakagwetse zitsononkho za mnzake. Seŵeroli akale adalilemba, ndipo aliyense amalitcha la makolo. Koma chimanga chidachokera ku America, chidafika kuno kudzera kugombe la nyanja yamchere m'nthaŵi ya Apwitikizi, ndipo chidatenga nthaŵi kuti chilande malo a mapira ndi maŵere. Nsikwa ya zitsononkho singakhale yakale kuposa chimanga. Chimodzimodzinso liu lakuti mpira: poyamba linkatchula utomoni wa mitengo ina yoyanga ya m'nkhalango ndi kanthu kobulungira koumbidwa ndi utomoniwo, ndipo ana ankaponyerana mpira wotero Azungu asadabwere ndi wawo wachikopa. Liulo lidangosamuka. Bwalo la ana lakhala likulandira zachilendo kuyambira kale. Amene amafuna kupatula maseŵero enieni a makolo ndi obwera akufunafuna mzere umene pansi palibe.

Za nyimbo tinene mwachidule. Pafupifupi zonse zili ndi wotsogolera ndi ovomera, kaya ndi za chitelera, kaya za m'kati mwa nthano, kaya zoimba atagwirana manja. Gawo la ovomera ndi lalifupi ndi lobwerezabwereza, ndipo nthaŵi zambiri ndi mvekero kapena mau opanda tanthauzo lodziŵika. Apa ndiye pali khomo la mlendo. Mwana wosadziŵa liu ngakhale limodzi la Chicheŵa atha kuvomera nyimbo usiku woyamba umene wafika, akuomba m'manja pamodzi ndi anzake. Pakutha pa mwezi amatha kutsogolera. Ndipo popeza nyimbo zoterezi zimakonda kutsata kukwera ndi kutsika kwa mau a chiyankhulo, mwanayo amaphunzira kamvekedwe kamene kamasiyanitsa mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa pamsika, chinthu chimene kalembedwe kathu sikachionetsa konse.

Alendo atatu

Mbiri ya zaka za m'ma 1800 ikutipatsa zitsanzo zooneka bwino. Angoni adafika ndi chiyankhulo chawo ndi mikondo yawo, nagonjetsa eni dziko. Koma akazi ambiri a m'midzi yawo adali ogwidwa kunkhondo, ndipo ana a akazi ameneŵa ndiwo adadzaza mabwalo ndi madambo odyetserako ng'ombe. Pofika nthaŵi imene Rattray ankalemba, Angoni a ku Dedza ndi Ntcheu adali kuyankhula Chinyanja, monga momwe a ku Mzimba adatengera Chitumbuka, Chingoni nkutsalira m'nyimbo za ngoma, m'ziŵongo ndi m'mau ena a mwambo. Palibe mfumu idalamula kuti zitero. Mwana wa nduna ankaumba ng'ombe zadothi ndi ana a akapolo, ndipo ochulukawo ndiwo adapambana.

Alomwe, amene adaloŵa m'dziko muno mwaunyinji kuchokera ku Mozambique kuyambira cha m'ma 1890 nakhazikika ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Chiradzulu, adatsata njira yomweyo, ngakhale iwo adabwera ngati anthu ofuna malo ndi ntchito. Makolo ankayankhulana Chilomwe m'nyumba, ana nkumayankha m'Chinyanja cha panja. Kunyozedwa kwa chiyankhulo chawo kudafulumizitsa zimenezi, ndipo tisabise kuti bwalo la ana lili ndi nkhanza zake: mwana wotchula liu mwachilendo amapatsidwa dzina limene amafa nalo.

Mlendo wachitatu sadali mtundu wa anthu koma seŵero. Bawo idabwera ndi amalonda a Chiswahili ndi a Chiyao, kudzera m'madooko monga Nkhotakota, kumene a Jumbe adakhazikika cha m'ma 1840. Dzina lake ndi la Chiswahili, lotanthauza thabwa, ndipo mau ake a m'kati, monga kutakata ndi mtaji, adabwera nayo. Ili ndi maenje 32 m'mizere inai ndi njere 64. Akulu adaitenga ngati yawo, koma ana adaikumba pansi nkumaseŵera ndi timiyala, monga ankachitira ndi nsolo, ndipo mwa njira imeneyi mau a kugombe adaloŵa m'kamwa mwa ana a kumtunda amene sadaonepo ngalaŵa.

Bwalo la sukulu

Sukulu za mishoni zidabweretsa bwalo lachiŵiri, lokhala ndi belu ndi mphunzitsi. Boma lidakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, patatha zaka ziŵiri bungwe la Phelps-Stokes litayendera dziko lino, ndipo kuyambira pamenepo perete, mpira wamiyendo, mpira wamanja wa atsikana ndi nyimbo za maimbidwe a ku Ulaya zidafalikira m'midzi. Mipingo ina inkaletsa akhristu ake magule a usiku, ndipo chiletsocho chidakhudzanso nyimbo za pamwezi. Bwalo lakale silidafe, koma lidagaŵana ana ndi latsopano, ndipo ana okhawo ndiwo ankanyamula katundu kuchoka kwina kupita kwina.

Katunduyo tikumuona m'maina. Maina akale ali ndi tsinde la Chicheŵa looneka: chipako chikuchokera ku kupaka, pakuti wogwidwa wapakidwa kanthu kamene ayenera kukapaka wina, chibisalirano ndi tsinde la bisala lolandira -ir- ndi -an-, ndipo liu limodzi likulongosola seŵero lonse. Maina atsopano ndi obwereka, koma obwereka mwaluso. Raundasi ndi dzina la Chingerezi losulidwa kuti phatikizo lililonse lithere m'lembo la liu, ndipo fulaye, seŵero la atsikana lozinda mpira kwinaku akudzaza mchenga m'botolo, likuoneka kuti lidayenda njira yomweyo. Liu la Chingerezi lotchula pomwetsera mpira lidapatsidwa chi- nkukhala chigoli, lidaloŵa m'gulu la chi- ndi zi- ngati mbadwa, kenaka lidabala mneni wakuti kugoletsa, wokhala ndi -ets- wochititsa. Kuwina, kuluza ndi kudoja ndi abale ake. Palibe komiti idakhala pansi kusula mau ameneŵa, komabe palibe ngakhale limodzi lophwanya malamulo a kamangidwe ka mau a Chicheŵa.

Pa kuŵerenga ndiye bwalo la sukulu lidapambana kotheratu. Manambala athu amafika pa zisanu nkuyamba kuphatikiza: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziŵiri, mpaka khumi. Mwana wodumpha jingo, chingwe chikuzungulira msanga, alibe mpata wonena kuti zisanu ndi zinai pa kudumpha kumodzi. Wani, thu, fili zimakwana m'kugunda kwa phazi. Sitikunena kuti jingo ndiye adachotsa manambala a Chicheŵa, pakuti ndalama ndi masamu a m'kalasi zidachita zambiri; koma pabwalo ndi pamene manambala obwerekawo adaleka kukhala phunziro nkusanduka chizoloŵezi cha lilime. Amene akhala akuyesa kubwezeretsa manambala akale m'mabuku a ana ayenera kudziŵa kuti mdani wawo ali panja, ndipo ali ndi chingwe.

Njira ina ya katundu idali ulendo wa kuntchito. Kwa zaka zambiri amuna ankapita ku Salisbury, Bulawayo, Wankie ndi kumigodi ya ku Johannesburg. Ulendo wa Wenela udaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown nkupha Amalaŵi 74, koma amene adapita ku Southern Rhodesia ambiri adali ndi mabanja awo, ndipo ana obadwira m'makomboni a kumeneko ankabwera kumudzi ndi maseŵero awo. Seŵero lodumpha ndi mwendo umodzi m'mabokosi ojambula pansi timalitcha phada, ndipo ana a Chishona amalitcha pada. Seŵero la atsikana loponya mwala m'mwamba nkukokera timiyala kunja kwa dzenje, limene ambiri kuno amati ndado, ku Zimbabwe ndi nhodo. Kufanana kotereku kukuonetsa kuti malire a maiko sadali malire a mabwalo.

Okonza ziyankhulo ndi bwalo

Chichewa Board idakhazikitsidwa mu 1972, nkutulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, 1980 ndi 1990. Ntchito yake, pamodzi ndi pologalamu ya pawailesi ya Tiphunzire Chicheŵa, idali kuongola, ndipo muyeso wake udali mayankhulidwe a akulu a m'midzi ya m'chigawo chapakati. Pa muyeso umenewu mau a pabwalo la sukulu adali zolakwa zoyenera kuzichotsa. Mwana wa ku Rumphi, amene chigamulo cha mu 1968 chidamlanda chiyankhulo chake m'kalasi ndi pawailesi, ankakumana ndi Chicheŵa cha mitundu iŵiri: cha m'buku, chimene ankalephera nacho mayeso, ndi cha ana a antchito a boma osamutsidwira kwawoko, chimene ankachitola pa fulaye popanda womukakamiza. Chachiŵirichi ndicho chidamera mizu. Kalembera wa mu 1998 adapeza kuti mabanja oyankhula Chicheŵa kapena Chinyanja pakhomo adafika pa 70 pa 100 alionse, ndipo Chicheŵa chimene chidafalikiracho, makamaka m'matauni, si chija cha m'malamulo a Board. Ku Zambia mpata womwewu udaoneka poyera: Chinyanja cha ana a ku Lusaka chidatalikirana ndi cha m'mabuku a sukulu kotero kuti mwana wochiyankhula bwino pamseu ankadodoma nacho m'kalasi.

Board idathetsedwa mu 1995, ndipo m'malo mwake mudaloŵa Centre for Language Studies mu 1996, imene idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. M'zaka zomwezo bwalo la sukulu lidakula modzidzimutsa. Maphunziro a pulaimale atakhala aulere mu 1994, chiŵerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ana amene kale akadakhala kudambo ndi mbuzi adapezeka pabwalo limodzi ndi anzawo a midzi khumi. Kalata ya unduna ya mu 1996 yoti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'ziyankhulo za kwawo sidatsatidwe mokwanira, ndipo mu 2014 boma lidalengeza kuti Chingerezi chikhale chophunzitsira kuyambira Sitandade 1. M'kusinthasintha konseku mikangano idali pa chiyankhulo cha mphunzitsi. Chiyankhulo cha pabuleki, chimene mwana amachimva kwa anzake mazana angapo, sichidaloŵe m'mkangano.

Tikuganiza kuti pali ntchito ziŵiri zimene bwalo lingagwire kwa ife. Yoyamba ndi ya dikishonale ndi mabuku oyambira kuŵerenga. Liu limene ana a ku Karonga, Dowa ndi Nsanje onse amalidziŵa lili ndi ufulu wokhala m'buku la Sitandade 1 kuposa liu lokongola limene amalidziŵa ndi agogo a boma limodzi, ndipo njira yodziŵira mau otero ndi kuŵamvera kumene ana amayankhula mosaopa. Yachiŵiri ndi ya kalembedwe. Tamvapo ana akubisirana nkhani mwa kutembenuza maphatikizo a mau, monga amachitira ana a Chiswahili m'seŵero lawo la kinyume, kotero kuti nyumba imasanduka mbanyu. Mwana wotero sadaŵerengepo buku la fonoloje, koma watiuza kuti mb ndi chinthu chimodzi choyambira phatikizo, ndi kuti liulo limaduka pambuyo pa nyu. Umboni wotere, utasonkhanitsidwa wambiri, ungathandize pa mafunso amene makomiti akhala akukangana, monga a m woima payekha m'mau ngati mtengo ndi mkango.

Kasonkhanitsidwe kake kali ndi zovuta zimene akale zidaŵagwetsa. Nyengo yabwino ikali ya pakati pa Meyi ndi Okutobala. Mau ajambulidwe pamodzi ndi nyimbo ndi kuomba m'manja, chifukwa mau olembedwa okha amataya kamvekedwe kamene tikukafuna. Wojambula alembe dera, msinkhu wa ana, chiyankhulo cha makolo awo ndi kumene wotsogolera nyimbo adaiphunzira. Ndipo mphunzitsi asakhale pafupi. Ana akaona mphunzitsi ndi mlendo wonyamula makina amafola mzere, nkuimba nyimbo ya m'kalasi yolonjera alendo.